Zala za Otmar Kessel

Ku Ashby Ferry, tauni ya fodya m'mbali mwa mtsinje wa Ohio, manja a Otmar Kessel ankadyetsa banja lake m'njira ziwiri. Chisanu chikagwa ankakhala patebulo m'fakitale ya a Lindauer n'kumakulunga ndudu zikuluzikulu zapamanja zija. Kunja kukafunda ankavala masokosi achikasu n'kukawerama kumbuyo kwa womenya mpira wa besibo, masewero omenya kampira ndi chibonga, kuwakha chilichonse chimene woponya waponya. Ntchito ziwirizi zinali pa udani, chifukwa zinkalimbirana zala khumi zomwezo.

Otmar anafika ku Amereka ali m'manja mwa mayi ake, pa sitima yapamadzi yochokera ku Jeremani. Bambo ake, a Gottfried, munthu amene kuseka ankakuona ngati kutaya nthawi, anamukhazika patebulo la fodya asanamere ndevu. Anamuphunzitsa kuti zam'kati mwa ndudu aliyense akhoza kuunjika, koma tsamba lakunja, lopyapyala ngati khungu la anyezi, silifuna maso. Limafuna nsonga za zala. Ukalikoka pang'ono lichita makwinya, ukalikoka kwambiri ling'ambika. Otmar anali ndi zala zomva, moti ndudu zake a Lindauer ankaziika pamwamba m'bokosi kuti wogula ayambe waona zimenezo.

Mpira anauyamba monga anzake onse, pabwalo lafumbi kuseri kwa njanji. Kampira kake n'kolimba ngati mwala wokutira chikopa, ndipo ambiri ankathawa malo a wowakha, koma Otmar sankaphethira ngakhale chibonga chidutse pamphuno pake. Amalonda a m'tauni atakhazikitsa timu yolipidwa ya Masokosi Achikasu, wowakha sanachite kukamufuna kutali.

Masiku amenewo wowakha ankavala timagolovesi topyapyala todula zala, tamtundu wofanana ndi khungu kuti oonerera asatizindikire, pakuti mwamuna kuteteza manja chinali chinthu chamanyazi. Amene anayambitsa uchitsiru umenewu sakudziwika, koma anthu ankaulemekeza ngati wachokera paguwa. Chololedwa chinali kachidutswa ka nyama yaiwisi m'chikhatho. Stoltz wa butchala ankamudulira Otmar kanyamako m'mawa wa masewero alionse, n'kumauza aliyense wolowa m'shopu kuti timuyi ikuyendera nyama yake. Masana ankakakhala pa mpando wakutsogolo. Mawu ake anali ngati a ng'ombe zimene ankaphazo.

Zala zinkathyoka ndithu, chaka chilichonse chimodzi kapena ziwiri. Koma woponya wa nthawi imeneyo ankaponyera m'munsi, dzanja losapitirira phewa, ndipo pofika mwezi wa Okutobala, pamene chisanu chimayamba kumeneko, zonse zinkakhala zitapola. Otmar ankabwerera patebulo, a Lindauer n'kupukusa mutu, ntchito n'kumapitirira. Pakati pa zonsezi anakwatira Hedwig, mwana wa mmisiri wosoka zikopa za akavalo, mkazi wamfupi wosachulutsa mawu, amene singano yaikulu ankaidziwa kuposa yaing'ono. Anabereka mwana mmodzi, Minna.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1880, chaka chimene akuluakulu a masewero analola woponya kukweza dzanja pamwamba pa phewa. Mkulu wa timu, bwana Pruitt, anapita ku migodi ya malasha n'kubwerako ndi Cormac Tierney, mnyamata wamtali wa mpata m'mano, amene mpira wake sunkaoneka, unkangomveka. Tsiku loyamba lokonzekera, wowakha wachiwiri wa timuyo anawakha mipira yowerengeka, anayang'ana chikhatho chake, nati akukamwa madzi. Madziwo akumwabe mpaka lero.

Otmar anatsala yekha.

"Mdala, ndichepetseko?" anafunsa Tierney ataona magazi pa kagolovesi.

"Udzachepetsa ukakalamba," anatero Otmar. "Ponya."

Achikasu anayamba kukwapula aliyense wobwera. Matimu amene kale ankabwera ku Ashby Ferry ngati kobwera kudzadya ankabwerera kusiteshoni mitu ili pansi. Tauni inapenga. Loweruka mafakitale ankaweruka msanga, m'malo omwera mowa nkhani inali Tierney yekhayekha, ndipo atsikana anayamba kumanga timaliboni tachikasu. Munthu wowerama kumbuyo uja palibe ankamuyang'ana, chifukwa wowakha anthu amamuona pokhapokha akagwetsa mpira, ndipo Otmar sankagwetsa.

Pofika Julaye manja ake anali ngati mabuledi awiri ofufuma. Kanyama ka Stoltz kankasanduka phala masewero asanafike pakati. Hedwig ankamumangira mabatani a malaya, ankamudulira soseji m'mbale ngati mwana, madzulo n'kumuikira beseni la madzi amchere. Otmar ankanyika manjawo atakukuta mano, mkazi wake ataima pakhomo.

Lamulungu lina potuluka m'tchalitchi a Lindauer anamuimitsa pamasitepe.

"A Kessel, mwayamba kunyada chitchukireni? Moni wa padzanja mwasiya?"

Otmar anatulutsa dzanja m'thumba la jekete. Mkuluyo sanaligwedeze. Analitembenuza uku ndi uku monga ankachitira ndi tsamba lokayikitsa.

"Bambo anu anakhala patebulo lija mpaka sabata yomwalira," anatero a Lindauer. "Ine sindifuna kulipereka kwa wina. Koma mukabwera nazo zala izi mu Okutobala zili chonchi, fodya wanga simumukhudza. Mpira ndi wa miyezi ingati, a Kessel? Chisanu n'chachitali."

Hedwig anamva zonse. Atafika pakona ya msewu wawo anamutembenukira mwamuna wake.

"Mwamva, bambo a Minna?"

"Ndamva."

"Ndiye?"

"Ndiye ndisiye timu pakati pa ulendo? Wowakha wina ali kuti? Anthu angandione ngati chiyani?"

M'mawa mwake Hedwig anatsitsa bokosi la zida za malemu bambo ake, natenga chikopa chokhuthala cha pakhosi pa kavalo chimene chinatsala m'menemo. Anayeza dzanja lamanzere la mwamuna wake ndi ulusi, anadula, anasoka, n'kuphathika ubweya wa nkhosa m'kati mpaka kulimba. Chimene chinatuluka chinali chonyansa kuchiona, chakuda, chotukuka, chala chachikulu pachokha ndi zinazo pamodzi.

"Ichi ndiye chiyani, mayi a Minna?"

"Kumanzere," anatero Hedwig. "Mpira uzifikira m'menemo. Lamanja muzingophimbira utafika kale."

"Anthu akandiona nacho chimenechi…"

"Anthuwo adzakudyetsani mu Januwale?"

Anakachiyesa m'mamawa kuseri kwa njanji, awiriwiri ndi Tierney. Mnyamatayo anaponya ndi mphamvu zake zonse, mpira unangoti phu m'chigolovesimo. Otmar anadikira ululu umene anauzolowera uja, koma sunabwere. Anaponyanso, phu. Tierney anaseka mpaka kugwira mawondo.

"Mdala, mukudziwa kuti ine ndimalota zala zanu? Valani chimenechi, nane ndizigona. Akazi anu ndi mfiti, ndikuuzeni."

Bwana Pruitt atachiona anangokanda m'mutu. "Lamulo silikuletsa," anatero. "Ngakhale uvale chidebe, bola uziwakha."

Mwayi wake, mwezi wotsatira timu inanyamuka ulendo wautali wa pa sitima, kukasewera m'matauni a kumtunda kwa mtsinje. Kumeneko anthu anamuseka ndithu, anamutcha mayina onse, ena mpaka kumugenda ndi zikonyo za chimanga. Otmar sizinamukhudze. Chipongwe cha kwa eni ake ndi chakudya cha wosewera aliyense, amakutukwana ngakhale usanalakwe. Kutupa kunayamba kuphwa. Zikhadabo ziwiri zimene zinachoka zinayamba kumera. Madzulo ena pakhonde la nyumba yogona alendo anapempha masamba a fodya kwa mwini nyumba, nakulunga ndudu pabondo pake, yosalala bwinobwino, yopanda khwinya ndi limodzi lomwe. Anamupatsa Tierney. Tsiku limenelo Otmar anakondwa, kukondwa kwenikweni kwa munthu amene wabwezeredwa chinthu chimene anali atachitaya kale mumtima.

Anabwerera kwawo kumapeto kwa Seputembala atalingana pamwamba ndi timu ya ku Wheelock. Kunatsala masewero amodzi, pabwalo la Ashby Ferry, ndipo wopambana ankatenga mbendera ya ligi. M'mawa wa tsikulo Stoltz anadula kanyama kake mwa nthawi zonse, nakakulunga m'pepala, naima pakhomo la shopu. Otmar anadutsa tsidya lina la msewu n'kungokweza chipewa. Sanaganize n'komwe kuti wachita chinthu. Stoltz anatsala ndi kanyamako m'manja anthu akuona.

Masana tauni yonse inali kubwalo. Ena anakwera pamadenga a ngolo za sitima, ena m'mitengo. Hedwig, amene sanapondeko kumpira chikwatiwireni, anabwera ndi Minna n'kukhala kumbali ya amayi. Otmar anatuluka, anavala chotchinga kumaso, kenako analowetsa dzanja m'chigolovesi chija. Maso onse anagwera pa dzanjalo.

"Eee, taonani abale!" anakuwa Stoltz ataimirira. "Kessel wabwera ndi mtsamiro! Tulo takupeza, aise?"

Anthu anaseka.

"Ayi, ndalakwitsa, si mtsamiro! N'chogwirira mapoto cha Hedwig! Wasiya supu pamoto, Kessel? Thamanga ingapserere!"

Apa ndiye bwalo linagwa nacho chikhakhali. Tierney anaponya mpira woyamba, unati phu, ndipo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Supu!" Wachiwiri, phu, anthu khumi: "Supu!" Pofika wachisanu linali bwalo lonse, mbali zonse ziwiri. Otmar ankawadziwa mawu amodziamodzi. Uyo ndi amene amakhala naye tebulo loyandikana. Uyo anamunyamulira Minna pa ubatizo. Ndipo chapafupi, kuseri kwa waya wotchinga oonerera, nkhalamba ina ya kufakitale inalankhula mosakuwa, mongodandaula, koma iye anamva: "Gottfried akanakhala moyo bwenzi atalira lero."

Anapirira zigawo ziwiri mwa zigawo zisanu ndi zinayi za masewerowo. Poyamba chachitatu anavula chigolovesicho n'kuchiponya pansi pa benchi.

Tierney anamuthamangira. "Mdala, mwatani? Musamvere agalu awa. Mawa aiwala."

"Iwe mawa ukwera sitima," anatero Otmar. "Ine ndimakhala konkuno."

Anavala timagolovesi take takale, opanda ngakhale kanyama, ndipo bwalo linawomba m'manja ngati wachita chozizwitsa. Kunena mosabisa, unali uchitsiru, uchitsiru wa munthu wamkulu wandevu zake amene ankadziwa bwino chimene akutaya. Koma amene sanasekedwepo ndi anthu a mumsewu mwake, mkazi wake ali pomwepo, asafulumire kumuweruza. Otmar sanayang'ane kumbali ya amayi.

Chigawo chachitatu chinatha, chachinayi, chachisanu. Dzanja lamanzere, limene linali litayamba kuiwala mavuto, linang'ambika pakati pa zala n'kuyamba kufufuma. M'chigawo chachisanu ndi chimodzi womenya wa ku Wheelock anazunguza chibonga, mpira unangochikhudza pang'ono n'kusintha njira, nufikira pansonga za zala za kumanja. Kulira kwake anakumva ndi a pamadenga a ngolo omwe. Chala chapakati chinapindikira kumbuyo, fupa lili poyera. Cholozera ndi china zinalendewera.

Lamulo la nthawi imeneyo linali lakuti wosewera satuluka kuti alowe wina pokhapokha kaputeni wa timu inayo atavomereza kuti wavulaladi. Bwana Pruitt anamuitana. Kaputeniyo anabwera mosathamanga, akutafuna fodya, nawerama kuona dzanjalo. Ankadziwa kuti wowakha wothyoka zala ndi mphatso.

"Ndaonapo zoposa apa," anatero, nalavula. "Zatsalazo n'zokwanira. Asewere."

Pruitt anatukwana, koma lamulo linali lamulo. Anakhazika Otmar pa benchi, anagwira chalacho n'kuchikoka mpaka chinawongoka, anathirapo kachasu, nachimangirira ku chinzake ndi kansalu. Otmar sanalire. Nkhope yake inangoyera ngati ufa.

"Ndipatseni chija," anatero motsitsa mawu.

Tierney anachitola pansi pa benchi, nachikutumula fumbi. Otmar analowetsa nsonga za zala, dzanja linakana. Anakankha, Tierney anakoka, Pruitt anathira madzi kuti literere. Hedwig anali atachisoka molingana ndendende ndi dzanja la mwamuna wake, ndipo dzanja limene linali pamenepoli silinalinso lomwe analiyeza lija. Woweruza masewero anakuwa kuti nthawi ikutha. Chigolovesi chinabwerera pansi.

Tierney anayamba kuponya mofewa. A ku Wheelock sanachedwe kununkhiza, anamenya kawiri motsatizana, anthu awo n'kukaima pa matumba a m'ngodya za bwalo, atatsala pang'ono kupeza mapointi. Otmar anaimitsa masewero napita kwa mnyamatayo, amene misozi inali italengeza.

"Ukuchita chiyani?"

"Sindingathe, mdala. Ndikukuphani."

"Ukandimvera chisoni tsopano, ndiye kuti zala zanga zapita pachabe. Pukuta kumaso. Ponya."

Anaponya. Otmar anawakha ndi zikhatho, ndi mikono, ndi chifuwa, mpira wina anautsekereza ndi bondo. Mpirawo unafiira moti woweruza ankachita kuupukuta m'dothi. Chala china cha kumanzere chinathyoka m'chigawo chomaliza, ndipo iye mwini sanadziwe mpaka madzulo. Achikasu anapambana ndi pointi imodzi.

Anthu anathyola mpanda n'kukhamukira m'bwalo. Ananyamula Tierney, ananyamulanso Otmar, manja ake atawakweza m'mwamba kuti asagundidwe, anthu n'kumayesa akusangalala. Patsogolo pa onse panali Stoltz, thukuta lili kamukamu, akukuwa kuti, "Mwamuna uyu! Ndinanena ine! Mwamuna weniweni wa Ashby Ferry!" Hedwig anadikira kuti chigulu chidutse. Anatsika, anapita pa benchi, anatola chigolovesi chimene anthu anali atachipondaponda, nagwira Minna padzanja kubwerera kunyumba.

Dokotala anadula chala chapakati. Zinazo zinapola, koma chilichonse chinaloza kwake, ndipo nsonga zake zinafa. Otmar akagwira nsalu kapena njerwa zinali chimodzimodzi.

A Lindauer sanali munthu woipa. Chisanu chitayamba anamusungirabe tebulo lija, namuikira masamba abwino. Otmar anakhala pansi, anaunjika zam'kati, anatenga tsamba lakunja, nalikoka. Linang'ambika. Anatenga lina, analiyang'anitsitsa kuti maso agwire ntchito ya zala, linachita makwinya, pofuna kuliwongola linang'ambika. M'chipinda monse munali anthu omwe aja a "Supu," ndipo tsiku limenelo aliyense anapeza chochita patebulo pake, palibe anadzutsa mutu. Milu ya ndudu inkakwera kumanja ndi kumanzere kwake. Patsogolo pa Otmar pankakwera mulu wa masamba ong'ambika. Sanadikire kuuzidwa. Belu la masana lisanalire anapinda epuloni yake, naisiya pampando, natuluka.

Lolemba lotsatira amene anakagogoda kwa a Lindauer anali Hedwig. Otmar anamuphunzitsa ntchitoyo ndi pakamwa, patebulo la kukhitchini, mawu omwe aja a bambo ake. Hedwig anali ndi zala za mmisiri, sanachedwe kugwira. Anakhala patebulo la a Gottfried pa malipiro a akazi, amene ankangokwanira malasha, buledi ndi kabichi. Za tsiku la mpira lija sanatchulepo, ngakhale kamodzi, ngakhale atakwiya. Otmar akanakonda akanamukalipira.

Tierney anatengedwa ndi timu ya mumzinda waukulu chisanu chomwecho. Achikasu, opanda woponya ndi wowakha, anayamba kudyedwa ndi aliyense chaka chotsatira, ndipo timuyo inatha ligi isanafike kumapeto. Mbendera ija inakapachikidwa m'butchala ya Stoltz, pamwamba pa mbedza za nyama, pomwe ntchentche zinaipatsa ulemu wake. Sipanapite zaka zambiri, wowakha aliyense m'dziko monse anali ndi chigolovesi chotukuka, chogula m'sitolo, chachikulu kuposa cha Hedwig. Palibe ankaseka. Stoltz yemweyo ankauza makasitomala ake kuti, "Zanzeru zimenezi. Kaya bwanji anthu sanaziganize kale."

Otmar anakhala ndi moyo wautali, wautali kuposa mmene ankafunira. Anayesako kusesa kusiteshoni, anayesako ulonda, koma nthawi yambiri anali panyumba. Ankasonkha mbaula, kusenda mbatata mpeni ataupanira m'chikhatho, kuphika. Alendo okonda mpira akabwera m'tauni, anthu ankawalozera nyumba yake n'kuwafotokozera za mwamuna amene anamaliza masewero ndi zala zothyoka, ndipo ena ankagogoda kupempha kuona manjawo. Iye ankawaonetsa.

Tsiku lina, m'chisanu choyamba chomwe chija, Hedwig poweruka anamva fungo lachilendo atangotsegula chitseko. Otmar anali atateula poto wa supu pambaula ndi manja okha, nayenda naye mpaka patebulo, osamva kuti chitsulo chikumudya. Khungu la zala linatsala pa zogwirira. Iye anangoima n'kumaliyang'ana modabwa.

Hedwig anamupaka mafuta, anamumanga. Kenako anapita kuchipinda, anatsegula bokosi la zida za bambo ake, natulutsa chigolovesi chija. Anali atachitsuka, atasokanso pamene panang'ambika ndi nsapato za anthu. Anakhoma msomali pakhoma pafupi ndi mbaula, nachipachika pamenepo.

"Kumanzere," anatero.

Otmar anachiyang'ana nthawi yaitali. Mabala atapola anachivala, ndipo anachivala tsiku lililonse kwa zaka zonse zimene zinamutsalira, belu la kufakitale likalira, Hedwig akamakwera masitepe ndi zala zonunkha fodya, supu ikafuna kuteula. Kutupa kunali kutaphwa kalekale. Chinkamukwana bwinobwino.